Dzina la pa Chitseko cha Lole

Ndikukumbukira lole yathu ya mawaya, ine ndi Kasimu, ngati ndaisiya pakhonde dzulo lomweli. Nthawi imeneyo bambo anga ankaphunzitsa pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu wochoka ku boma la Mangochi kupita ku Makokola. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu. Ife tinali obwera, ana a aphunzitsi, odziwa Chiyao cha moni ndi cha kutukwana basi. Kasimu anali mwana wa pamudzi pomwepo, bambo ake msodzi, ndipo m'kalasi tinkakhala pansi moyandikana.

Mnzangayo waya ankamumvera. Akapeza waya wa mpanda, mwala ndi kapulayala kothyoka, pofika madzulo yatuluka lole ya masipuling'i, matayala a zitini za polishi, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Ine waya ankandikana. Chilichonse chimene ndapinda chinkatuluka ngati dengu lopondedwa ndi ng'ombe. Koma ndinali ndi lezala, bolopeni yofiira ya bambo yochongera mayeso, ndi kuleza mtima kwa munthu wopanda luso lina. Ndiye tinagawana ntchito, iye kumanga, ine kukongoletsa.

Musaipeputse ntchito imeneyo. Zomata zogula kunalibe. Ndinkatola mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu, zokutira sopo, ndi mabotolo amene Che Adamu, mkulu wake wa Kasimu, ankatibweretsera kuchokera ku hotela komwe ankatsuka mbale. Mabotolowo ndinkawanyika m'madzi mpaka timapepala take timatuke, n'kutiyanika pamwala, n'kudulamo mizere, nyenyezi, nyali ndi nambala ya galimoto. Chimodzi chokha bambo anandiletsa, maso ali psuu. Ndinali nditadula bwinobwino tambala wakuda wa chipani m'nyuzipepala kuti ndimumate pa boneti. "Ukufuna anyamata a chipani aone tambala akukhukhuluzika m'fumbi? Ukufuna ine ndikagone kuti?" Anamulanda n'kumuika pakati pa buku.

Chinkandizunguza mutu ndi chomatira. Phala la ufa wa chinangwa linkagwira, koma mphemvu zinkachita nalo phwando, kukacha nyenyezi zonse zadyedwa. Ulimbo unkakola fumbi ndi nyerere, lole n'kumaoneka ngati yadwala mphere. Kenako ndinatulukira sulushoni womatira machubu a njinga. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango ankataya timachubu ta sulushoni totha, ine n'kumating'amba ndi lezala, kukombamo ndi kamtengo. Ukamata, n'kudonthezapo kandulo, n'kusisita ndi supuni yofunda, eee, chinthu chinkagwira moti madzi ankangotsetserekapo. Fungo la sulushoni losakanikirana ndi la usipa woyanika pa thandala ndimalimvabe m'mphuno mpaka lero.

Tchuthi chachikulu chitayamba, mwera ukuwombabe, Kasimu anasowa. Nditapita kwawo, amayi ake anangoti wapita kutchire, ku jando. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti anyamata amapita kumeneko n'kubwerako atameta mpala, atavala zatsopano. Zina zonse palibe anandiuza, poti kwathu nkhani zimenezo sizinkakambidwa. Lole yatsopano anaisiya kwathu itatha kumangidwa, zitseko zake za chitini cha mafuta zili mbee, zopanda kanthu.

Ndinamusowa kwambiri, abale. Ana ena analipo, koma ankanditcha Mngoni wosadziwa kusambira, ndipo amene ankandiikira kumbuyo anali yemweyo Kasimu. Tsiku lina ndili khale m'mbali mwa msewu, kuonerera malole a nsomba akupita ku Limbe, ndinaona kuti iliyonse ili ndi maina a eni ake pachitseko. Ndinati basi, ifenso tikhala ndi kampani. Mnzanga akamatuluka adzapeze dzina lake likuwala.

Ntchito imeneyo inandidyera tchuthi. Chilembo chilichonse chinali chochepa ngati chikhadabo, cha pepala lonyezimira, chomatidwa pa pepala lofiira la sopo. S ndiye anandiliza, poti lezala sadziwa kukhota. Ndinadzicheka zala mpaka amayi anati, "Masamu ukanawagwira chonchi, bwenzi uli nambala wani." Koma ndinamaliza, zitseko zonse ziwiri. Pamwamba KASIMU, pansi pake NDI LASITONI, dzina langalo. Sulushoni ndinathira wosaumira, kandulo ndinasisita kawirikawiri, kuti zisadzachokenso.

Tsiku lotuluka anamwali, mudzi wonse unali ng'oma ndi nthungululu. Anyamata anawakhazika pamphasa, mitu ili pansi. Kasimu ndinamuzindikira ndi makutu ake aja otambalala, apo ayi sindikanamudziwa. Anavala buluku lalitali, shati yoyera ndi magalasi akuda, wina atamugwirira ambulera. Ine ndi lole yanga ndinapyola pakati pa miyendo ya azimayi, pakamwa ndikuliza injini, n'kukaima kutsogolo kwenikweni kwa mphasa. Ndinaitembenuza kuti chitseko chionekere, ndipo ndinakuwa ndi mtima wonse, "Kasimu! Taona!"

Amayi amene anali pafupi analeka kuimba. Wina anagwira pakamwa, wina anatsonya. Anyamata akuluakulu anandiyang'ana ndi maso aukali. Che Adamu anandigwira pamkono, osati mwankhanza, n'kunditulutsa m'gulumo. "Iwe mwana wa aphunzitsi, dzina limenelo latsala kutchire. Uyu tsopano ndi Che Yusufu. Kumutchula lakalelo n'chipongwe, wamva?" Ndinagwedeza mutu, ngakhale sindinamve kwenikweni. Pocheuka ndinaona mnzanga sanakweze mutu, koma magalasi aja anali atalunjika kumene kunali lole.

Patapita masiku mnzanga uja anabwera kwathu masana, n'kuodira pakhomo ngati munthu wamkulu. Anakhala pakhonde napempha lole ndi lezala. Ndinathamanga kukatenga, mtima uli myaa, poganiza kuti tayambiranso. Anaiika pamiyendo, nayang'ana zilembozo nthawi yaitali, akuzisisita ndi chala.

"Unalemba bwino," anatero.

Kenako anayamba kupala. Koma ntchito yanga ija inali itagwira zenizeni. Zilembo zinakana kumatuka. Anachita kukanikiza lezala, kandulo akuyoyoka pa buluku lake latsopano, mpaka chitini chinakandika. Atatha chitseko chimodzi anatembenuza chinacho. Ine ndili chiimire, misozi ili m'mphepete.

"Ndikudulirani zina, Che Yusufu," ndinatero. Ulemu umenewo unangotuluka wokha, kwa munthu amene ndinkalimbirana naye mango. "Pepala lilipo, sulushoni aliponso."

Anapukusa mutu, osandiyang'ana. "Che Yusufu sayendetsa za mawaya. Mawa ndiyamba kupita kunyanja ndi abambo." Anasasa buluku lake, nandiika chiwongolero m'manja, n'kumapita. Sanakwiye nane ayi. Pambuyo pake tikakumana ankandipatsa moni, nthawi zina n'kundigawira utaka. Koma pansi kuti tipinde waya sitinakhalenso.

Masiku ano adzukulu anga amagula zomata pamsika, pepala lathunthu, za mitundu yonse. Akatopa nazo amamatula ndi chikhadabo n'kumata pa galimoto ina, ndipo palibe chimakandika. Maminibasi a ku Monkey Bay nawo amasintha maina ngati malaya. Ndimamvanso kuti anyamata ambiri akatuluka ku jando, sabata yomweyo amapezeka pa mpira ndi anzawo akale. Sindikunena kuti kale kunali bwino kuposa lero. Mwina ana a lero ndiwo ali ndi mwayi, poti amakula pang'onopang'ono, mnzako ukumuona. Wanga anakula kamodzi n'kamodzi, kutchire komwe ine sindinaloledwe kufikako, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkadziwira kunena.

Lole ija ndinaiyendetsa ndekha mpaka matayala anatha. Pachitseko panali malo okandika, pansi pake NDI LASITONI. Ana ankandiseka mumsewu kuti, "Ndani ndi Lasitoni? Mnzakoyo ali kuti?" Lezala ndinali naye m'thumba, ndipo kupala zilembo zitatu zoyambazo sikunali kovuta. Sindinazipale.