Jombo Imodzi

Ndinagwira ntchito ku injini m'sitima ya panyanja mpaka anandipumitsa. Ndinabwerera kwathu ku Khuyu, pachilumba, ndi bokosi la masipanala ndi makutu ogontha. Za makutuwo sindinauze munthu. Ndinkangoyang'ana milomo.

Mwana wamkazi wa mlongo wanga ali ndi chigayo cha dizilo panjira ya ku Chipyela. Anandilemba ntchito yochiyendetsa. Umaimirira tsiku lonse. Fumbi la makaka, chinangwa chouma, limalowa m'mphuno, ukamina umatuluka ufa. Kupuma ndi Lamulungu, kapena dizilo akatha sitima itachedwa. Komabe ntchitoyo ndinkaifuna. Zokhala pakhonde sindizitha.

Ndinkagwira wopanda nsapato. Injini ndinkaimvera kumapazi, pasimenti. Ikayamba kudwala, phazi linkandiuza.

Tsiku lina mwini chigayoyo anabwera ndi jombo zatsopano kuchokera ku Nkhata Bay.

"Amalume, anthu akundinena kuti ndikukuzunzani. Valani izi."

"N'zolemera."

"Valani basi. Mukakana, pano musabwerenso."

Ndinavala. Pansi panangoti zii.

Tsiku lachitatu bawuti inamasuka ine osadziwa. Lamba anaduka, n'kumenya khoma pafupi ndi mutu wa mayi wina wa ku Yofu. Akuti amayi anali atakuwa kwa nthawi ndithu kuti chigayo chikulira mwachilendo. Ine ndinali nditayang'ana kwina.

Mwini wake atafika anandipeza nditagwada pa injini. Anazungulira n'kudzaima kutsogolo kwanga.

"Ndakuitanani kanayi."

"Sindimva."

"Kuyambira liti?"

"Ndili m'sitima."

"Nanga miyezi yonseyi mwayendetsa bwanji?"

Ndinavula jombo n'kuloza phazi.

Ndinadziwa kuti ntchito yatha. Ndinayamba kulongedza masipanala m'bokosi. Iye anaponda chivindikiro.

"Mukupita nawo kuti? Lambayu alumikiza ndani, amfumu? Mukanapha munthu, amalume. Bwanji osanena?"

"Ukanandilemba?"

"Ayi."

"Eya."

M'mawa mwake anatchinga lamba ndi waya wa sefa. Anakhomanso galasi lakale la kabati pakhoma loyang'anana nane, kuti ndiziona amene ali kumbuyo. Za jombo tinakangana mpaka masana. Iye ankati zonse ziwiri, ine ndinkati ayi. Tinagwirizana pa imodzi.

Ndimavala ya kumanzere. Phazi lamanja ndi la injini. Amayi akamatula makaka amaseka.

"Madala, inzake mwasinthitsa ndi usipa?"

Milomo yawo ndimaiona pagalasi. Ndimachita ngati sindinaone.