Sindinamve Kanthu, Agogo

Ndikukumbukira njinga ya agogo anga aamuna. Inali yakuda, yolemera ngati ngolo, belu lake lomveka mpaka kudambo. Loweruka lililonse m'mawa ankaitulutsira pakhonde, n'kuipukuta ndi kansanza sipoko imodziimodzi, kenaka n'kuvala jekete lawo lakhaki lotuwa m'zigongono. Ulendo unali wa ku Namitete.

Dzina lawo anali aLabisoni, koma mudzi wonse unkawatcha aKopolo, udindo umene anabwera nawo kuchokera ku nkhondo ya azungu imene inawafikitsa ku Burma ali mnyamata. Ine agogowo ankanditcha aSajeni. Ankati pakhomo pamafunika wamkulu woposa kopolo, ndiye ndikamadutsa ndi kabudula wanga wong'ambika kumbuyo, ankaimirira n'kundichitira sawatcha. Za nkhondoyo sankakamba. Ukawafunsa ankangoti kunali mvula yambiri ndi misundu.

Ku Namiteteko ankakakumana ndi aFulaye, mnzawo yekhayo amene anatsala mwa onse amene anapita nawo kunkhondo. AFulaye ankayendera ndodo, motero woyenda anali agogo. Tsiku lina ananditenga pakaliyala, ine n'kumati lero ndikamva nkhani za mfuti. Ayi ndithu. Madala awiri aja anangokhala m'tiyirumu, aliyense ndi kapu yake ndi sikono, n'kumayang'ana maminibasi mpaka dzuwa kupendeka. Mawu amene analankhulana sakanadzaza chikho. Koma pobwerera agogo ankaimba mluzu njira yonse, ndipo sabata imeneyo ankadya bwino.

Nthawi imeneyo matipati anali atangolowa kumene, sukulu yaulere itayamba. Tinkadzazana pansi pa mtengo moti aphunzitsi sankadziwa amene wabwera ndi amene wathawa. Ine ndi mnzanga Yohane tinkathawa kawirikawiri, ndipo kothawirako n'kumene tinaphunzira kupanga mfuti ya sipoko. Umatenga sipoko yakale ya njinga, n'kupalira mitu ya machesi m'kabowo ka kanati kake, n'kutseka ndi msomali. Ukamenyetsa pamwala, phaa! Kenaka kautsi ndi kafungo ka wonga kokanirira m'zala.

Tinakaiyesera kuseri kwa chigafa, osadziwa kuti agogo ali m'katimo akusoka fodya. Italira, tinasuzumira m'katimo n'kuwaona atagona chafufumimba, manja kumutu, masamba a fodya ali mbwee. Mkulu wa mpingo wathunthu, amene akatsokomola m'tchalitchi ana tonse tinkakhala chete, ali m'dothi ngati buluzi. Tinathawira m'chimanga n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Madzulo ake agogo anauza amayi kuti amva kulira kwa mfuti. Amayi anati mwina ndi tayala laphulika kumsewu, koma ndinaona mmene anawayang'anira.

Zikanathera pomwepo. Koma Yohane anali ndi pakamwa, ndipo anyamata ena anati sangakhulupirire asanaone ndi maso awo. Tinadikira tsiku limene akuluakulu onse anapita ku maliro kumudzi wa patsidya, agogo atatsala kuyang'anira fodya. Anzanga anabisala kuseri kwa nkhokwe, Yohane ndi sipoko yake pamwala. Ntchito yanga inali yowatulutsira agogo pabwalo kuti aliyense aone bwino. Ndinawauza kuti abwere adzaone pamene nkhuku yaikira, ndipo anabwera akumwetulira, akupukuta manja m'thalauza.

Itangolira, sanagwe pamene anaima. Anandilumphira ine. Nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri inandigwetsa pansi n'kundiphimba ndi thupi lonse, dzanja lili pamutu panga kundikanikizira m'dothi. Ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana panga, ndi fungo la fodya ndi sopo wochapira. Ankangobwereza ndi mawu amene sindinawamvepo n'kale lonse kuti, "Osadzutsa mutu! Osadzutsa mutu!" Kuseri kwa nkhokwe sikunamveke kuseka. Ndinangomva mapazi akuthawa.

Amayi ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, pobwera ku maliro kuja anatipeza tikadali pabwalo pomwepo, agogo atakhala m'fumbi, mlomo ukutuluka magazi. Anaumirira kuti mfuti yalira, ndipo yalira pafupi. Atsibweni anazungulira nyumba, anafika mpaka kudimba, osapeza munthu. Atsibweni amenewa anali a mkwapulo wapafupi, ndipo ine ndinkaudziwa bwino kukoma kwake. Ndinabisa zala zanga m'khwapa kuti fungo la machesi lisamveke.

Ndiye agogo anatembenukira kwa ine.

"ASajeni, inu simunama. Mwaimva kapena simunaimve?"

"Sindinamve kanthu, agogo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munalibe mkwiyo m'maso mwawo, munalibenso kukayika, ndipo chimenechi n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Anakhulupirira ine kuposa makutu awo. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Ndiye kuti zili m'mutu mwangamu." Kenaka anandigwira chigongono chimene chinasupuka. "Pepani aSajeni, ndakupwetekani."

Atsibweni sanachedwe kuweruza. Anati ngati zimenezi zingawagwere pakhomo, nanga zikadzawagwera pamsewu wa tala, pakati pa maminibasi ndi malole a fodya? Agogo sanatsutse. Anakankha okha njinga ija, n'kupempha atsibweni kuti aimangirire kudenga la kachipinda kosungiramo makasu. Loweruka lotsatira anavala jekete lawo monga mwa masiku onse, n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira. Lotsatiranso chimodzimodzi. Mluzu unatha pakhomo pathu. Anthu anayamba kuwalankhula mokweza mawu ndi mochedwa ngati akulankhula ndi mwana, ndipo kutchalitchi anasiya kuwapatsa mbale ya zikho za mgonero kuopa kuti angagwetse.

Ine ndinkadziwa kuti mawu ochepa chabe akanatsitsa njinga ija kudenga. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Poyamba ndinkaopa mkwapulo, koma masiku atapita ndinayamba kuopa china choposa mkwapulo: kuti agogo adzasiya kundichitira sawatcha. Paja akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mvula itatha tinamva kuti aFulaye amwalira. Agogo anapita ku Namitete pangolo, atakhala pathumba la madeya, kukaona mnzawo ali m'bokosi. Atabwerako anavula jekete lija n'kuliika m'sutikesi, ndipo sindinaonenso atalivala.

Anamwalira ndili Sitandade 8. Maliro atatha, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kugawana katundu. Atsibweni anatsitsa njinga ija, matayala ataphwa, akangaude atamanga m'masipoko, n'kuiimika patsogolo panga. Anati, "Iyi ananena okha mwiniwake. Anati ipite kwa aSajeni, mwana amene sanawanamizepo." Amayi anaomba m'manja, azakhali analulutira pang'ono. Ine ndinalira kwambiri, ndipo onse anati taonani mmene mwanayu ankawakondera agogo ake.

Masiku ano zinthu zinasintha. Pawailesi amakamba poyera za mantha amene asilikali amabwera nawo kuchokera kunkhondo, ndipo amati pali madokotala ake. Ku Namitete anthu amapita panjinga zamoto za kabaza, tiyi asanazizire wafika. Ana anga mfuti zawo zili m'foni, zimalira tsiku lonse popanda wogwa pansi. Njinga ija ili kwanga, ndimaipukuta, koma sindinaikwerepo. Ana akandifunsa chifukwa chake ndimasintha nkhani.

Chaka chatha tinakaika atsibweni. Kumanda sitilowako mwachisawawa, choncho mwayi wanga unali womwewo. Anthu atayamba kubwerera kumudzi ndinatsalira pang'ono, n'kukaima pa mtumbira wa agogo, bambo wa imvi zanga, manja ali m'khwapa ngati tsiku lija. Ndinati, "AKopolo, mutu wanu unali bwinobwino. Inalira ndithu. Ndinaimva."