Mitengo Isanu ya Mango ya a Mungroo

Amene akufuna kunyoza a Harrilal Mungroo abwere adzanyozere poyera, osati kumanong'ona kuseri kwa bala yogulitsa mowa wa ramu. Bambo ameneyu anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pa zitsime za mafuta kuno kummwera kwa Trinidad, chala chimodzi chinatsala komweko, ndiye lero anthu oti sanagwirepo sipanala akumutcha "Chipika". Chipika! Manyazi alibe.

Zinayamba tsiku limene kampani ina inaitanitsa msonkhano m'holo ya pamudzi. Inabwera ndi zithunzi zokongola ndi buledi wa roti wa aliyense. Injiniya wake, mayi wachitsikana dzina lake Ottley, anafotokoza bwino ndithu. Anati mpweya wa kaboni wotuluka m'mafakitale a fetereza, uja ukutenthetsa dziko, aziugwira usanakwere kumwamba, n'kuupanikiza, n'kuukankhira pansi pa nthaka m'mene munali mafuta kale. Pansi pa nyumba zathu. Kumeneko ukakhala mpaka kalekale.

"Zitsime zakale za dera lino zilipo khumi ndi zinayi," anatero akuloza mapu. "Zonse zinatsekedwa ndi simenti. Potulukira palibe."

A Mungroo anasiya kutafuna. "Pali zina zisanu, mayi. Pa mapu anuwo palibe."

"Muli ndi pepala losonyeza zimenezo, bambo?"

"Pepala langa ndi manjawa."

Holo yonse inafa nako kuseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "A Harri, lero mwaiyamba mmawa ramuyo eti?" Ndipo msonkhano unapitirira ngati wangolira ndi tambala.

A Mungroo sanamwe kanthu! Kungoti zotsalazo zinali zowawa kunena. Kale, ali mnyamata wa ndevu zongomera kumene, kapitawo wawo ankafuna makina asamuke msanga, simenti isanafike. Analamula kuti adule chipika cha mkungudza, achikhomerere m'paipi, akwirire dothi, basi. Zitsime zisanu anazitseka choncho, ndipo palibe anazilemba paliponse. Wokhoma nyundo anali Harrilal. Mtima sunamupatse mtendere, ndiye pa chitsime chilichonse anadzalapo mtengo wa mango kuti asadzaiwale malowo.

Umodzi mwa mitengoyo unali pabwalo pa a Verna Celestine, mayi wamasiye woweta abakha, amene nyumba yake ili pansi penipeni pa chidikha. Tsono munthu wa zitsime amaudziwa mpweya umenewu. Sununkha, suoneka, ngolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika. Ukapeza paipi yotsekedwa ndi chikuni chowola, ukwera. Ndipo kuchokera pamtengopo kufika pa zenera lakuchipinda kwa a Verna ndi mapazi khumi okha.

Mmawa mwake a Mungroo anafika ndi piki ndi fosholo.

"Iii, Harri, kwafa ndani?" anafunsa a Verna. "Kapena mwabwera kudzakumba manda anu pakhomo panga?"

"Verna, sunthani abakhawo. Ndikukumba pansi pa mangowa."

"Mwapenga? Mtengo umene munandipatsa pa ukwati wanga?"

A Mungroo anavula chipewa. "Sinali mphatso, mlongo wanga. Chinali chizindikiro. Inu mutapatsidwa malo ano ndinasowa chonena, ndiye ndinati ndi mphatso."

A Verna anagwira m'chiuno. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikukutumizirani mango oyamba kupsa. Nkhalamba yabodza inu! Kumbani. Mukapanda kupeza kanthu ndikukwirirani momwemo."

Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anakumba yekha dzuwa lili pamutu. Aja ankaseka m'holo anaima kumpanda manja ali m'matumba, palibe ndi mmodzi yemwe anagwira fosholo. Nthawi ya nkhomaliro piki inalira pachitsulo. Paipi yadzimbiri inaonekera pakati pa mizu, ndipo a Mungroo atapisamo dzanja, chipika chija chinangofumbutuka ngati buledi wouma. Fungo la mafuta linadzaza bwalo lonse.

Amene anaimba foni kukampani ndi a Verna eni ake. Tisamunamizire Ottley: anabwera tsiku lomwelo, anagwada m'matope ndi thalauza lake loyera, anasuzumira m'paipimo, ndipo atadzuka nkhope inali itasintha.

"Bambo Mungroo, zinayi zinazo zili kuti?"

"Tsatani mango, mayi."

Ntchito yokankhira mpweya inaimitsidwa. Kwa miyezi itatu a Mungroo anatsogolera anthu a kampani m'tchire, mtengo ndi mtengo, mpaka zitsime zonse zisanu zinathiridwa simenti yeniyeni. Mitengo yonse isanu inagwetsedwa.

Nanga malipiro ake? Kampani inakhoma chikalata pakhomo la holo chonena kuti zipangizo zake zamakono zatulukira zitsime zobisika. Zipangizo! Chipangizo chake ndi nkhalamba ya zala zisanu ndi zinayi yonyamula piki yobwereka. Dzina lawo mulibemo. Anzawo awiri otsala a gulu lotseka zitsime lija anasiya kuwalankhula, ati anaulula za anzawo amene anagona kale. Ndipo am'mudzi, amene akupuma mpweya wabwino chifukwa cha iwo, akangowaona pamsewu amati, "Chipika uyo!" Kapitawo wolamula uja anafera kutali m'nyumba yabwino, dzina lake loyera. Wonyozedwa ndi amene ananena zoona.

A Mungroo sabata yatha anapita kwa a Verna atanyamula kambande ka mango m'chitini.

"Iyi ndiye mphatso, Verna. Yeniyeni."

A Verna anakalandira, anakatembenuza uku ndi uku, kenako analoza pakona pa bwalo, kutali ndi zenera.

"Dzalani apo. Koma dzenjelo mukumbe lakuya, ndiyambe ndaona ndekha zimene zili pansi."