Chithunzi cha Pawindo la Khitchini

Impso yanga imodzi ili m'thupi mwa achimwene anga. Anakatichita opaleshoni kunja, ndipo titabwera anawapatsa mankhwala omwa moyo wonse kuti thupi lisaikane. Koma mankhwalawo amafooketsa chitetezo, moti kachifuwa komwe ife timangokatsokomola, iwo kamawagwetsa.

Chaka cha njala chija, anthu akulimbirana madeya pachigayo ku Nsanama, achimwene ankasiyira ana chakudya chawo mobisa. Anayamba kutentha thupi ndi kubanika. Ine ndi alamu anga, akazi awo, tinawatengera kuchipatala ku Liwonde. M'njira monse ndinkangolalata.

"Impso imeneyo ndi yanga, achimwene. Sindinakupatseni kuti muigoneke ndi njala."

Iwo ankangopuma mobanika.

Atawajambula m'chifuwa, adokotala, mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula, anaunika chithunzicho padzuwa chifukwa magetsi anali atangozima. Anatilozera mawanga awiri otuwa, lina kumanja, lina kumanzere.

"Sindikunamizani," anatero. "Ngati onsewa ndi atsopano, matenda agwira mapapo onse, ndipo muyambe kudziwitsa abale. Ngati la kumanjali ndi chipsera chakale, tilimbana nawo. Chithunzi chomwe anawajambula asanapite kunja chilipo?"

Alamu anayang'ana pansi. Chinalipo, inde. Achimwene anali atatsekera nacho windo losweka la kukhitchini, amvekere pulasitiki wake ngwolimba. Ndinafuna kuwaswa khofi ali chigonere pabedi.

Alamu anamanga chitenje n'kukakwera minibasi ya ku Nsanama kukachitenga. Anabwera dzuwa litapendeka, chithunzi atachipana pakati pa makatoni awiri, atachinyamula ngati khanda kuti chisapindike. Chinali bii ndi mwaye, m'makona muli mabowo a misomali.

Ndinkayembekeza kuti adokotala atikalipira kapena kutiseka. Iyayi. Ananyowetsa thonje n'kuchipukuta okha pang'onopang'ono, kenako anakweza zithunzi zonse ziwiri padzuwa. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ili linalipo kale," anatero, chala chili kumanja. "Abale musawaitane. Muitane chakudya."

Alamu anangoti "Alhamdulillah" chapansipansi, n'kukhala pasimenti pomwepo. Mpaka lero amayi awiri amenewa ndimawavulira chipewa.

Achimwene anagonekedwa m'chipatala, akubayidwa majekeseni. Ndinkabwera ndi phala kuchokera ku Balaka komwe ndinkaphunzitsa. Tsiku lina ndinawapeza akukankhira mbale pambali, akufunsa ngati ana adya. Alamu anatola mbale ija n'kuwaikira m'manja.

"Ana adya," anatero. "Ndiye mudye, bambo ake. Ana akufunsa za inu, osati za phala."

Achimwene anadya phala lonse, misozi ikugwera m'mbale.