Mabuku Atatu Pansi pa Matiresi

Ababa ankachapa ndi kusita pa hotela ina ku Makokola. Ankanyamuka kwathu ku Nkope panjinga, pobwera manja ali mbuu ndi sopo. Zinthu zimene alendo aiwala m'zipinda zikakhala miyezi eni ake osazifunsa, mabwana a pahotelapo ankazigawira antchito. Anzawo ankabwera ndi zooneka, wina chipewa, wina thaulo. Ababa anga, chaka chimene ndinalowa Fomu 1, anabwera ndi mabuku atatu a zithunzi atawamangirira pakaliyala ngati nkhuku ya alendo.

"Anzanu akutola zofunda, inu mwatola zidole za papepala?" anatero amayi. Ababa anangoseka n'kukhala pakhonde.

Inali nkhani yojambula, timabokosi timabokosi, mawu akutuluka m'kamwa mwa anthu m'timatumba toyera. Ngwazi yake inali chimunthu cha tsitsi lalitali chonyamula nyundo, chimene chinkati chikakweza nyundoyo kumwamba, mphezi n'kung'anima. Chinkamenya nkhondo pakati pa magalimoto ndi nyumba zosanja, koma kwawo kunali kumtunda, kudziko lozizira, kumene bambo wake, nkhalamba ya diso limodzi, ankakhala ndi akhwangwala awiri pamapewa. Munalinso zimphona za madzi oundana ndi chinjoka chozinga dziko lonse pansi pa nyanja. Ndinadzamva nditakula kuti imeneyi inali milungu imene anthu a kumpoto kwa Ulaya ankapembedza kalekale, ojambula n'kuiveka zovala zatsopano. Nthawi imeneyo tinkangoti mkulu wa nyundo.

Chimene chinayamba kuwadya mutu ababa si nyundo ayi, koma chinsalu chimene mkuluyo ankakoleka kumsana.

"Taona, wagwa m'matope apa, koma pa tsamba lotsatirali nsalu ili see. Amamuchapira ndani ameneyu? Ameneyo ndiye mwamuna, osati uyu."

Chingerezi ababa ankangodziwa cha pantchito. Sukulu yawo inali madrasa, ya kumzikiti, kumene malemba amawerengedwa kuyambira kumanja, ndipo kwa iwo buku limayambira kumene ife timati kumapeto. Ndiye nkhani yawo inkayamba ndi moto, anthu ali ngundangunda pansi. Akatembenuza tsamba, akufa aja ankadzuka, chinjoka n'kubwerera m'madzi, nyumba zogumuka n'kuimanso, mpaka onse akhale paphwando akuseka.

"Nkhani yabwino iyi," ankatero. "Anthu avutika, koma Mulungu wawadzutsa."

Ine ndi Chingerezi changa cha Fomu 1 ndinali woyerekedwa zedi. Ndinawalanda buku m'manja, n'kuwauza kuti akuyambira kumchira. Ndinawawerengera bwinobwino kuchokera kuphwando kukafika kumoto, mpaka pamene mkulu wa nyundo anapha chinjoka iyenso n'kugwa ndi ululu wake. Ababa analoza tsamba lomalizalo.

"Ndiye kuti wamwalira?"

"Eya, ababa. Mawu akutero apa."

"Iwe uziwerenga kwako, mama. Ine ndiziwerenga kwanga."

Tinagwirizana chomwecho. Akaweruka tinkakhala pakhonde, ine n'kumamasulira za m'timatumba, iwo n'kumaweruza milandu: uyu ndi wabodza, muone maso ake, nkhalamba iyi ana ake yawalera molekerera. Mabuku atatu okhawo tinawabwereza chaka chathunthu osatopa nawo. Ana tinalipo anayi, koma wokhala nawo pakhonde ndinali ine, ndipo ndinkanyada nazo.

Chaka chotsatira ababa anagwa ali pa tebulo lositira. Anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanzere itafa, pakamwa patakhota, koma mutu uli bwinobwino ndipo dzanja lamanja lili ndi mphamvu zake. Ankagona kuchipinda tsiku lonse, buku lili pachifuwa, akutembenuza masamba ndi chala chachikulu.

Kenako kunabwera azakhali, achemwali awo aakulu a ku Chowe, kudzathandiza amayi kudwazika. Sindikufuna wina aziti anali munthu woipa. Ndiwo ankachapa nsalu zimene ababa aonongera, osakwinya nkhope, ndipo ndiwo ankawadyetsa phala ndi supuni akuwaitana dzina la paubwana. Koma pa za chipembedzo sankaseka ndi munthu. Tsiku lachiwiri lomwe anatsitsa kalendala ya osewera mpira, chithunzi changa cha Sitandade 8, ngakhale chitenje cha amayi chokhala ndi nkhope ya munthu.

"Malaika, angelo a Mulungu, salowa m'nyumba muli zithunzi za zamoyo," anauza amayi. "Munthu akudwala chonchi, alamu. Mukufuna tsiku lobwera omutenga adzaime panja?"

Ataona mabuku aja anagwira pakamwa. Anatsegula tsamba limodzi lokha, n'kuona nkhalamba ya diso limodzi itakhala pampando, anthu akuigwadira.

"Astaghafirula! Awa ndiye mafano enieni. Iwe, tenga ukaotche, lero lomwe."

Ndinawatenga n'kukawaika m'chikwama changa cha kusukulu, mtima ukuwawa. Azakhali atapita kumjigo, ababa anandiitana ndi mawu awo olemera aja.

"Bwera nawo kuno. Lowetsa pansi pa matiresi, mbali ino ya dzanja lamoyo. Wodwala palibe amamudzutsa kuti asecheko."

Anaseka ndi theka la pakamwa, inenso ndinaseka. Ndinawalowetsa, kenako ndinatenga makope anga akale n'kukawayatsa kuseri kwa bafa kuti utsi uoneke. Azakhali atafunsa ndinati, "Ndaotcha, azakhali," maso ali gwa. Ndinkadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Zinayenda choncho kwa milungu ingapo. Azakhali akapita kumsika ndinkasolola buku limodzi, tikamva mapazi n'kulibwezera msanga. Nthawi zina ndinkapeza ababa ali okha, dzanja lili pansi pa matiresi, akungowagwira.

Sitiroko yachiwiri inabwera Lachitatu m'mawa, ndipo inatenga mawu. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti palibe chimene angaonjezere, abale n'kugwirizana zobwerera nawo kunyumba. Anawagoneka pa matiresi omwe aja.

Sindinkadziwa kuti munthu angavutike chomwecho kuti afe. Mpweya unkatuluka mokokera, ukulira pakhosi, mpaka unkamveka kumsewu. Unkati waima, tonse n'kuyang'anana kuti basi, kenako thupi lonse n'kudzidzimuka, kukokera kuja n'kuyambiranso. Ashehe anabwera, anawerenga mapemphero a duwa, anawadonthezera madzi pamilomo ndi kuwanong'oneza kalima, mawu a chikhulupiriro, m'khutu. Anabweranso mawa lake. Maso a ababa anali otsegula, akuyenda pang'onopang'ono kutsatira aliyense wolowa.

Lachisanu azakhali analeza mtima mpaka analephera.

"Pali chikuwatsekereza," anatero. "Munthu wopemphera swala zake ngati uyu sangazunzike chonchi. M'nyumba muno muli kanthu."

Anasecha paliponse. Anapeza chitini cha mkaka chokhala ndi nkhope ya khanda, pepala la sopo lokhala ndi mayi womwetulira, ndipo zonse anakataya kudzala. Kenako anatembenukira kwa ine, ndili chikhalire kumiyendo kwa bedi.

"Aja unaotchadi?"

"Eya, azakhali."

Ndinanama kachiwiri, pamaso pa ababa, iwo akundiyang'ana. Ndinkati ndikasuzumira pazenera, m'maganizo mwanga n'kumaona malaika ataima pabwalo padzuwa, akudikira ngati anthu a pamzere kuchipatala, osatha kulowa chifukwa cha ine. M'buku lachitatu munali akazi a mapiko okwera pamahatchi, amene ankatsika kudzanyamula akufa, ndipo m'mutu mwanga zonsezi zinasakanikirana, moti sindinkadziwanso kuti aima panjawo ndi ati. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinkaopa azakhali, ndinkaopa Mulungu, koma koposa zonse ndinkaopa kukokera kuja. Komanso anabisa mabukuwo ndi eni ake, ndipo tsopano sakanatha kundiuza kuti chotsa kapena siya.

Loweruka masana ashehe ndi amuna onse anapita kumzikiti. Azakhali analowa chipinda china kukaswali, amayi anatuluka kukatereka madzi. Ndinatsala ndekha ndi ababa. Ndinagwada mbali ya dzanja lamoyo n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lawo.

"Ababa, ndikuwachotsa. Mundikhululukire."

Ndinalowetsa dzanja n'kuwasolola onse atatu. Pomwepo dzanja lawo, limene linali lisanagwedezeke chibwerere kuchipatala, linandigwira pamkono. Linali dzanja lofinya mabedishiti a hotela zaka zonse zija, ndipo linandigwira kuti gwi. Maso awo anali pa ine. Pakhosi panatuluka kaphokoso kena kosiyana ndi kukokera kuja, kawiri. Kaya ankati siya, kaya ankati nditsegulire ndione, kaya ankangofuna kuti ndikhale pompo, sindidziwa mpaka lero. Ndinamva azakhali akumaliza swala kuseri kwa khoma. Ndinafumbatula zala za ababa chimodzichimodzi, kuyambira chaching'ono, n'kubweza dzanjalo pabulangeti. Mabuku ndinawakulunga m'chitenje n'kutulukira khomo la kuseri.

Mapepala ake anali osalala, okana moto. Ndinachita kung'amba tsamba limodzilimodzi, machesi akuthera m'manja, lawi likutuluka lobiriwira. Ndinkatakasa ndi kamtengo, ndikulira, ndikufulumizitsa moto ngati ukumva. Buku lachitatu lisanathe kupsa ndinamva amayi akukuwa m'nyumba.

Nditalowa ndinapeza azakhali akuwatseka maso ababa. Nkhope ya azakhali inali yonyowa koma yomasuka.

"Alihamudulila, njira yatseguka," anatero. "Chinali chitini chija."

Ndinaima pakhomo manja akununkha utsi, ndipo palibe anandifunsa kumene ndinali. Pamenepo ndinazindikira chimene chandikhala pamtima zaka zonsezi. Ngati azakhali ankanena zoona, ndiye kuti ababa ndinawazunza ndine masiku atatu athunthu ndi bodza langa. Ngati sankanena zoona, ndiye kuti ndinalanda munthu wakufa kanthu kokhako kamene anapempha kuti kakhale pafupi naye, n'kumusiya kuti ndikasonkhe moto. Ndayesa kuima mbali iyi, ndayesa mbali inayo, konse kukundiwotcha.

Anawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Akazi sitipita kumanda, choncho ndinangoona jeneza lonyamulira maliro likudutsa pamapewa a amuna mpaka linakhota pa msewu.

Masiku ano mkulu wa nyundo ali ponseponse. Ali pa zikwama za ana a sukulu, pa malaya a pakaunjika, m'mafilimu amene anyamata amaonera pafoni. Nditakula ndinafunsapo ashehe ena za zithunzi ndi malaika, osatchula nkhani yanga, ndipo anandiyankha motalika kuti ophunzira amasiyana maganizo, kuti Mulungu ndi wachifundo. Ndinathokoza n'kutuluka, mtolo uli pomwepo. Mwana wanga atalirira chikwama chojambulidwa mkulu wa nyundo mumsika wa ku Mangochi ndinamukalipira mpaka anthu anatembenuka, iye osadziwa chimene walakwa.

Zimene zinachitika m'chipinda muja ine ndili kuseri kwa bafa ndinazimva patapita masiku makumi anayi, titamaliza sadaka. Alendo anali atabalalika, ine ndi amayi tikutsuka mbale pabwalo. Anayamba okha, osandiyang'ana.

"Ukudziwa, nditalowa ndi madzi aja ndinapeza dzanja la abambo ako lili pansi pa matiresi, likufufuza. Likupita uku, likubwerera uku. Ndinayesa akufuna tasibihi yawo yowerengera mapemphero, ndinawaika m'manja, anaigwetsa. Ndinawagwira dzanja, analichotsa n'kulibwezera komweko. Mpweya unatha dzanja lili momwemo."

Anatsukuluza mbale n'kuiika pathandala.

"Ndinadzatukula matiresi, munalibe kanthu. Iwe unali mnzawo. Ankafuna chiyani?"

Ndinati sindikudziwa. Amayi tsopano akalamba, maso achita khungu, ndipo zambiri aiwala, ngakhale mayina a zidzukulu amasokoneza. Koma chaka chatha ndikuwadula zikhadabo pakhonde anandigwira dzanja n'kufunsanso funso lomwelo, mawu ake omwewo. Ndinayang'ana zala zawo, ndipo ndinati, "Kaya, amama."