Chidindo pa zilumba za a Tobarak

Kalabu yathu ya osonkhanitsa masitampa kuno ku Barishal imakumana Lachisanu mapemphero akatha, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yanga ya mankhwala. Tiyi amagula ndine, ndiye palibe angandiletse kunena za a Tobarak Sikdar.

A Tobarak anakalambira pa sitima zapamadzi zopita ku Dhaka, akung'amba matikiti. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zonika zofiira, wosadziwa kukweza mawu. Ife timasunga masitampa a mafumu, a njanji, a tsiku la ufulu. Iwo ayi ndithu. Awo ndi a zilumba zopanda munthu, matanthwe a pakati pa nyanja pongotera mbalame, popanda positi ofesi, popanda ndi mbuzi yomwe. Amasindikiza masitampa oterowo ndi akathyali akunja, n'kulembapo dzina la chilumba ndi mtengo. Palibe kalata inayendapo nawo.

"Achimwene, kumeneko amalemberana ndani, nkhanu?" ankatero a Jalil, loya wopuma pantchito amene pakamwa pawo sipapuma.

"Ndi abodza, ndikudziwa," ankayankha a Tobarak akuuzira tiyi. "Koma chilumbacho chilipo."

Tsiku lina atabwera kudzagula mankhwala a m'maso ndinawapanikiza. Anandiuza kuti anabadwira pa chilumba cha matope pakati pa mtsinje wa Meghna, ndipo madzi anachidya pang'onopang'ono mpaka chinatha. "Kwathu kunali mzikiti, sukulu, manda a agogo, koma palibe anakujambulapo. Zilumba izi zilibe munthu, koma wina anazikumbukira, ngakhale ndi wakuba." Ndinangowakulungira mankhwalawo.

Chimene ankafuna chinali chimodzi. Chaka ndi chaka timachita chionetsero mu holo ya tawuni, ndipo membala aliyense anakhalapo ndi felemu lake lagalasi, dzina pamwamba. A Tobarak okha ntchito yawo inali kunyamula mabenchi. Tsopano maso anali akuchita nkhungu, ndipo anapempha kuti zilumba zawo zipachikidwe kamodzi, akadatha kuziona.

Koma tili ndi lamulo. Sitampa yokayikitsa siyilowa mu holo isanadindidwe kumsana mawu akuti yabodza. Ndipo kwa ife msana wa sitampa ndi wofunika ngati nkhope. Munthu amausunga woyera, guluu wake wosanyambitidwa, osaukhudza ndi chala. A Tobarak anausunga motero moyo wawo wonse.

Wosunga chidindo ndi mlembi wathu, a Bimalendu Guha, mphunzitsi wakale, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo wa a Tobarak. Awiriwa akhala akudyera mpunga wokazinga m'pepala limodzi kuyambira tsitsi lili lakuda.

"Ndi kumsana kokha, achimwene," anatero a Bimalendu. "M'galasi simuoneka kanthu."

A Tobarak anavomera.

Linali dzinja, mvula yosadziwa kuleka, makoma akutuluka thukuta. A Bimalendu anatenga sitampa yoyamba ndi kachopanira, n'kuigoneka chafufumimba, n'kudinda. Atatembenuza, mayo ine! Inki inali itadutsa. Abodza amene tinkadinda kale anali a pepala logwira inki ngati la masitampa enieni, ndiye tinazolowera. Koma akathyali aja amasindikiza pa pepala lotchipa, ndipo ndi chinyezi chija linamwa ngati nsanza. Mawu abuluu anatulukira kumaso, atatembenuka, pamwamba penipeni pa mbalame zoyera.

A Bimalendu anayesa yachiwiri mopepuka. Chimodzimodzi.

"Tisiye," anatero. "Ine sindipitiriza."

"Lembani ndi pensulo basi!" ndinakalipa ine. "Munthu mukumuphera chuma chake akuona, mwapenga?"

"Pensulo imafufutika," anatero a Jalil. "Mawa akamwalira, adzukulu adzagulitsa kwa munthu wosadziwa ngati enieni, dzina la kalabu lili pamwamba. Walira mvula walira matope, achimwene."

Ndinafuna kuwathira tiyi kumaso. Chondiwawa kwambiri n'chakuti sankanama. Tonse tinagulapo chabodza tili achinyamata, ndipo tikudziwa mmene mtima umapwetekera.

A Tobarak anayang'anitsitsa masitampa awiri aja, atawayandikitsa pamphuno.

"Ndikadikira chilimwe, pepala litauma?"

"Chionetsero ndi sabata yamawa," anayankha a Bimalendu, maso ali pansi. "Mwina chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzaona ndi maso a ndani?"

A Tobarak anatambasula dzanja, n'kutenga chidindo m'manja mwa mnzawo.

"Bweretsani kuno, akulu. Musadzalephere kundiyang'ana chifukwa cha kamtengo aka."

Anadinda okha. Imodzi imodzi, mosathamanga, akuigoneka bwinobwino ngati mwana wodwala. Tiyi anazizira m'makapu. A Bimalendu anaima pawindo kuyang'ana mvula. Ine ndinalira, sindibisa.

Felemu lawo linapachikidwa pafupi ndi khomo, dzina lawo pamwamba m'malembo aakulu. A Tobarak anabwera atavala malaya aatali oyera ositidwa, atadzola mafuta onunkhira, ndipo sanachokepo mpaka chionetsero chinatha. Mabenchi ananyamula ena. Ambiri ankangodutsa kuthamangira ku masitampa a mafumu. Ena ankaima, ndipo iwo ankawatchulira chilumba chilichonse, nyanja yake ndi mbalame zake, osayang'ana n'komwe.

Tsiku lomaliza kunabwera mayi wina wa ku Khulna, wodziwa masitampa. Anawerama pagalasi, n'kugwira pakamwa.

"Amalume, ndani anakuonongerani zinthu zokongola chonchi? Ameneyo ndi wopanda mtima!"

A Bimalendu anali chapafupi, atanyamula makapu awiri a tiyi.

"Ndinadinda ndekha, mwana wanga," anatero a Tobarak. "Ndimafuna kuima pamodzi ndi anzanga."

Analandira kapu yawo kwa a Bimalendu, n'kumupempha mayiyo kuti awawerengere dzina lolembedwa pamwamba pa felemu, poti iwo sankaliona bwino.