Mkamwini Amene Anatseka Wailesi ya Bambo

Tsiku loyamba kuwaona alamu anga ndinawayesa amisala. Ndinali pakhonde kuyanika zovala pamene munthu wamtali, wowonda ngati bango, anatulukira pangodya ya msewu wathu. M'manja ananyamula chitsulo chonga minga ya nsomba, kumutu atavala zomvera zikuluzikulu zakuda. Ankayenda pang'ono, n'kuima, n'kutembenuzira chitsulocho uku ndi uku. Chitaloza khomo lathu, anamwetulira ngati wapeza mbuzi yosochera.

"Odi! Kodi eni nyimbo zija alipo?"

Eni nyimbowo anali bambo anga. Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, ndipo m'kachipinda kawo ka kuseri, konunkha mtovu wosungunuka, analumikiza zidutswa za mawailesi akufa n'kupanga kamakina koulutsira mawu. Madzulo alionse ankaika nyimbo, kupereka moni kwa anthu a m'dera lathu, mpaka kulengeza za nkhuku zotayika. Anthu ankawakonda, nawonso ankadzimva.

Mlendoyo anavula zomvera zija, nati ndi wa ku nthambi ya boma yoyang'anira matelefoni ndi mawailesi. Anafotokoza mwaulemu kuti mawu a bambo akulowerera m'njira imene madalaivala a ambulansi amalankhuliramo ndi chipatala.

"Dzulo dalaivala amaitana anamwino, koma anamwinowo anangomva za tambala wamawanga amene wasowa."

"Nanga tambalayo anapezeka?" anafunsa achemwali anga ali pazenera.

"Kaya, chemwali, koma chipatala chonse chikumufunafuna."

Achemwali anaseka chikhakhali. Bambo sanaseke.

"Iwe mnyamata, mphepo inayamba liti kukhala ya boma?"

"Si ya boma, bambo, ndi ya tonse. N'chifukwa chake imafunika mlonda."

Mlendoyo anamasula kamakina kaja, nakakulunga m'jekete lake kuti kasakandike, n'kunyamuka nako. Kuyambira pamenepo msewu wonse unkawatcha a Makutu, koma bambo ankati Wakuba Mphepo.

Chodabwitsa n'chakuti kamakina katapita, chitsulo cha a Makutu sichinaleke kuloza khomo lathu. Tsiku lina amayi anawapanikiza.

"Mwana wanga, zoulutsa pano zinatha. Ukufunanso chiyani?"

"Ndikumvabe kaphokoso, amayi."

"Kaphokoso kakoko kakusita zovala m'nyumbamu. Ndikaitane?"

Koma atabwera kudzanena zenizeni zakuti akufuna kukwatira achemwali, bambo anangoyankha mawu amodzi: "Bweza makina anga, utenge mwana wanga."

Apa ndiye panali pothina. Achemwali analira mpaka maso kutupa. Ine ndinatsatira a Makutu kumsewu n'kuwachonderera kuti kanthu kongogona m'chipinda chosungiramo katundu, ndani angadziwe kuti kachoka? Anandiyang'ana mwachisoni.

"Mlamu," anatero, ngakhale ulamuwo unali usanapse, "ndikawabwezera lero, mawa madzulo tambala uja abwerera kuchipatala. Ndimawadziwa amisiri, manja awo amayabwa."

Miyezi inapita. Achemwali anaonda, nyumba inazizira, bambo ali nganganga pa mawu awo.

Loweruka lina a Makutu anaimika galimoto ya kuntchito kwawo pakhomo pathu, ija yokhala ndi tinyanga padenga ngati nungu. Sanagogode. Anangotsekula chitseko cha kumbuyo, makina onse ali poyera, timagetsi tili phethiphethi, iwo n'kumapukuta fumbi mosafulumira. Bambo anasuzumira pazenera kawiri. Kachitatu anatuluka, manja kumbuyo.

"Ndikungodutsa," anatero.

"Dutsani, bambo. Koma mudutse mutavala izi."

Anawakweza m'galimotomo n'kuwaveka zomvera zija, nayamba kupotokola kachitsulo pang'onopang'ono. Ife tinaima pafupi, tikumva nawo chapansipansi. Kunamveka woyendetsa ndege akupempha kutera. Kenako kunamveka dalaivala, mawu ali njenjenje: "Konzani bedi, mayiyu watsala pang'ono kuchira!" Namwino anayankha momveka bwino ngati ali pakhonde pathu pomwepo: "Takumvani, bwerani naye khomo la kumanzere."

Bambo anasuntha chomvera chimodzi.

"Ndi pano pomwe ndinkaikapo tambala?"

"Pomwepa, bambo."

Bambo anasisita chibwano. Kenako anati, "Tabwezera kwa wa ndege uja, ndimve ngati watera." Anatsika m'galimotomo dzuwa litapendeka, nauza amayi mokalipa, "Kodi mipando inatha m'nyumba muno? Mkamwini waima kuyambira m'mawa!"

Achemwali anagwetsa mbale. Pa ukwatiwo bambo anapatsidwa maikolofoni kuti anene mawu ochepa, ndipo mwina akanakhala akulankhulabe mpaka lero amayi akanapanda kuzula waya.

Zaka zotsatira, apongozi ndi mkamwini anasanduka chala ndi mkanda. Wailesi ya kasitomala ikayamba kulira zachilendo, bambo ankatumiza uthenga: "Muuzeni Wakuba Mphepo, kwinakwake kuli mnzanga woulutsa mawu mozemba." Mafoni am'manja atabwera, alamu ankayenda dziko lonse kuyesa ngati anthu akumvana, ndipo makampani ankadziwa kuti kumene foni ikudukaduka, munthu wamtali uja afika ndipo sachoka msanga.

Atapuma pantchito, makutu amene anawadyetsa moyo wonse anayamba kugontha. Ukawalankhula ankangomwetulira n'kugwedeza mutu. Koma foni ikakhala yothinikizidwa kukhutu, ankamva zonse.

Chaka chomaliza cha moyo wawo ndinapita kukawazonda. Ndinawapeza pakhonde, bulangete pamiyendo, foni kukhutu, akuseka mpaka kutsokomola. Chitseko chinali chotsekula, ndipo kukhitchini, pamtunda woti n'kupatsirana supuni, achemwali anali nayonso foni kukhutu.

"Ndati tiyi wapsa, akulu inu!"

"Ndamva, mayi. Koma musadule, mawu anu akumveka bwino lero. Kumeneko kukucha bwanji?"

"Kukucha utsi wokhawokha. Mubwera kapena ndimwe ndekha?"

Ndinawagwira alamuwo paphewa kuti ndiwapatse moni. Anakweza chala, maso akuwala ngati a mnyamata.

"Takhalani kaye pansi, mlamu. Ndili pa foni ndi mkazi wanga."